Mankhwala Amene Malemu Wasiya: Tipatse Mnzathu Kapena Tibweze?

Tsiku lina madzulo, mvula ili pakati, ndinali pa pologalamu yathu ya zaumoyo imene omvera amaimba foni n'kufunsa mafunso. Anaimba mayi wina wa m'mudzi wa kufupi ndi malire, m'dera la Mandimba. Sanachule dzina lawo kapena la mudzi, ndipo mawu awo anali apansipansi moti ndinacita kukweza makina kuti amveke. Anati amuna awo anali atamwalira masabata atatu m'mbuyomo. Imfayo inabwera atangolandira kumene ma ARV a miyezi itatu, ndipo mabotolo awiri anali adakali m'sutikesi osatsegula. Kuseri kwa nyumba yawo kumakhala mayi wina amene nayenso ali pa mankhwala a moyo wonse, ndipo tsiku limenelo anali atatsala ndi mapiritsi anayi okha. Mtsinje unali utadzaza, chapa inali itasiya kufika, ndipo ndalama ya njinga yamoto yozungulira njira ya kumtunda panalibe.

"Bambo, ndithandizeni nzeru," anatero. "Ndiwapatse anzangawa, kapena ndisunge mpaka njira itauma kuti ndikabweze ku cipatala?"

Ine ndinayankha monga momwe timayankhira nthawi zonse pa wailesi: "Mayi, mankhwala sapatsana. Kabwezeni ku cipatala." Anakhala cete pang'ono, kenako anafunsa: "Nanga ndikakabweza, akapatsa munthu wina?" Ndinalibe yankho, ndipo ndinaika nyimbo.

Patapita masiku ndinafunsa mnzanga wina amene amagwira nchito yopereka mankhwala pa zenera la farmasiya. Anandiuza mosabisa kuti mankhwala amene agona m'nyumba ya munthu sabwerera pa shelefu. Amawaika padera pamodzi ndi amene masiku ake anatha, podikira kuwonongedwa. Ndiye funso la mayi aja linali ndi mano. Ine ndinawauza kuti asunge mabotolo awiri abwinobwino mpaka akawonongedwe, pamene mnzawo wa kuseri kwa nyumba akuwerenga mapiritsi ake omaliza. Kodi ndinawauza zoona? Kodi kutaya mankhwala abwino si chimo? Nanga kupatsa mnzako mankhwala amene sanalembedwe dzina lake ndi cifundo? Ndi zimene ndikufuna tiganizire limodzi m'kabuku kano.

Mtima wopatsa suli wolakwa

Tiyambe ndi kuvomereza kuti mtima wa mayi aja unali pamalo pake. Ife tinaleredwa ndi mwambi wakuti kupatsa n'kuika. Amene tili ndi zaka za m'ma 40 tikukumbukira nthawi ya nkhondo, pamene anthu a dziko lino opitirira 1 miliyoni anathawira ku Malawi. Asanafike a mabungwe ndi matumba awo a cimanga, anatilandira ndi anthu wamba a kutsidya, amene anatigawira ufa wa m'licero mwawo ndi malo ogona pakhonde. Mtendere utabwera mu 1992 tinabwerera kwathu tikudziwa kuti tili moyo cifukwa wina sanabise cotsala cake. Munthu amene ali naco cinthu, mnzake alibe, iye n'kumacisunga m'sutikesi, kwathu kuno timamucha womana, ndipo dzina limeneli silicoka msanga pa banja.

Pa maliro timacitanso cimodzimodzi. Tikatha kuika, abale amakhala pansi n'kugawa katundu wa malemu: malaya kwa mphwake, khasu kwa mwana wa mlongo wake, njinga kwa amene adzayang'anire ana. Palibe cimene cimapita kudzala. Tsono mukauza mayi wamasiye kuti pa katundu yense wa amuna ake, cinthu cimodzi cokha cimene cingasunge moyo wa munthu ndico coyenera kukaochedwa, musadabwe akakuyang'anani ngati mwapenga. Amene amalankhula za malamulo a mankhwala osayamba wamva kulemera kwa mfundo imeneyi, anthu a kumudzi adzamumvera pamaso pokha, ndipo akacoka adzapatsana mapiritsi monga mwa masiku onse.

Koma mankhwala si ufa

Njala ndi imodzi kwa aliyense. Wanjala amadziwa yekha kuti ali ndi njala, ndipo ufa umene unakhutitsa malemu ukhutitsanso mnansi wake. Mankhwala sali conco, ndipo pali zinthu zitatu zimene wopatsa sangaone ndi maso.

Coyamba ndi matenda enieniwo. Kutentha thupi, kuphwanya m'mafupa ndi mutu timangoti malungo, koma cibayo cimayambanso conco, taifodi cimodzimodzi. N'cifukwa cake a enfermeru amayamba abaya cala n'kuyeza magazi asanapereke Coartem. Mukapatsa mwana wa cibayo mankhwala a malungo otsala a mkulu wake, simunamupatse poizoni, koma mwamubera masiku awiri kapena atatu amene akanakhala atafika ku cipatala, ndipo kwa mwana wamng'ono masiku atatu ndi ambiri.

Caciwiri ndi mlingo ndi mtundu. Munthu wamkulu amamwa mapiritsi 24 a Coartem m'masiku atatu, anayi m'mawa anayi madzulo, pamene kamwana kakang'ono kamamwa 6 okha m'masiku omwewo, cifukwa mlingo umatsata kulemera kwa thupi. Pa ma ARV, kuyambira mu 2019 akuluakulu ambiri anaikidwa pa piritsi limodzi la TLD, lokhala ndi tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Koma si onse. Amene mankhwala oyamba analeka kugwira nchito m'thupi mwawo amasinthidwira ku ena. Amene akumwanso mankhwala a TB amawonjezeredwa dolutegravir wina pa tsiku. Amene impso zawo zafooka amapatsidwa osiyana. Tsono ganizirani za mwamuna uja. Ngati anadwala nthawi yaitali asanamwalire, n'kutheka ndithu kuti mankhwala ake anali atasinthidwa. Mabotolo oyera amafanana, ndipo zolembedwapo zili m'cilankhulo cimene mayi wamasiye sawerenga.

Cacitatu ndi kumene piritsilo lagona. Pa mabokosi ambiri pamalembedwa kuti mankhwala asungidwe pamalo ouma, posatentha kupitirira madigiri 30. Kuno ku Lichinga, pamtunda pozizira, zimenezi n'zosavuta. Koma lowani m'nyumba ya malata ku Metangula, ku Cóbuè kapena ku Mecanhelas mwezi wa Outubro masana, kapena m'nyumba ya udzu yodontha mwezi wa Fevereiro. Usipa ukaola umanunkha, ufa ukafumbwa umaoneka, koma piritsi likatha mphamvu limakhalabe loyera monga linalili. Tsiku lolembedwa pa botolo ndi lonjezo la fakitale, ndipo lonjezolo limagwira nchito pokhapokha botololo litasungidwa bwino.

Zotsala zili mitundu iwiri

Tisasakanize nkhani. Mankhwala ambiri amene ali m'zitini ndi m'mabeseni a m'nyumba zathu sanasiyidwe ndi akufa. Anasiyidwa ndi amoyo amene anamva bwino pa tsiku laciwiri n'kunena kuti otsalawa ndisungire tsiku lina. Theka la Coartem, makapisozi asanu a amoxicilina, zimenezi si zotsala zenizeni. Ndi ngongole imene mwiniwake sanamalize kubweza kwa thupi lake. Akapatsa mnzake, ndiye kuti anthu awiri amwa theka aliyense, ndipo palibe amene wacira bwinobwino.

Coipa cake n'cakuti mtengo wa cizolowezi cimeneci amalipira ndi anthu amene sanaliko pamene awiriwa ankapatsana. Akuluakulu akukumbukira cloroquina, mmene ankacizira malungo pa mtengo wocepa kwambiri. Pofika mu 1993 anali atasiya kugwira nchito moti dziko la Malawi linakhala loyamba mu Africa kumusiya n'kuyamba Fansidar. Nayenso Fansidar anafooka, ndipo mu 2007 anansi athuwa anayamba LA, amene ndi Coartem yemweyu. Zifukwa zinali zingapo, koma cimodzi n'codziwika: mankhwala omwa mosakwanira amapha tizilombo tofooka n'kusiya tolimba kuti ticulukane. TB wamba amacira ndi mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi, koma TB wosamva mankhwala amafuna ena ovuta kumwa ndiponso okwera mtengo kwambiri. Pa zotsala za mtundu umenewu palibe funso lovuta. Maliza mankhwala ako, ndipo sudzakhala ndi copatsa.

Mtundu waciwiri ndi umene ukutivutitsa: mankhwala osatsegula, masiku ake asanathe, otsala cifukwa mwiniwake wamwalira kapena dotolo wamusinthira ena. Awa ndi ma ARV, a kuthamanga kwa magazi, a shuga, a khunyu. Palibe amene analakwitsa kuti atsale. Mabotolo a mayi a ku Mandimba anali a mtundu umenewu.

Kodi mankhwalawo ndi a yani?

Munthu amapatsa cake. Ukamaweta mbuzi ya mlamu wako, sungaiphere mlendo ngakhale mlendoyo ali ndi njala, usanafunse mwini. Ndiye tifunse: mabotolo aja anali a malemu? Pa cipatala ca boma timalipira 5 meticais pa reseita, ndalama imene singagule ngakhale bokosi lopanda kanthu. Ma ARV ndi mankhwala a TB sitilipira n'komwe. Amagulidwa ndi misonkho ndi thandizo la kunja, monga la Fundo Global ndi PEPFAR, n'kudutsa ku nkhokwe yaikulu ya CMAM, kufika ku nkhokwe ya cigawo kuno ku Lichinga, kenako ku madistrito mpaka pa zenera limene timalandirira. Wodwala amapatsidwa m'manja kuti amwe. Akamwalira, mankhwalawo salowa m'gulu la malaya ndi khasu, cifukwa mwini wake weniweni ndi tonsefe.

Lamulo nalonso limaona conco. Lamulo nambala 12/2017 la pa 8 Setembro, lokhudza mankhwala ndi katemera, ndilo linabweretsa bungwe la ANARME loyang'anira mankhwala m'dziko lino, ndipo nchito yopereka mankhwala kwa odwala ili m'manja mwa malo ndi anthu ovomerezeka. Ku Malawi nchito yomweyo ikugwiridwa ndi bungwe la PMRA pansi pa lamulo la mu 2019. Cifukwa ca malamulo amenewa timaciona tsiku la msika uliwonse wa m'malire, pamene mapiritsi amayalidwa padzuwa pambali pa sopo ndi mabatire. Mukamufunsa wogulitsa kumene wawatenga, yankho lake losavuta ndi lakuti ndi otsala a m'bale wake. Lamulo likanalola kuti mankhwala aziyenda kucoka m'manja kupita m'manja, wakuba aliyense akanabisala kumbuyo kwa mayi wamasiye.

Koma mfundo yomweyi ili ndi mbali ina imene akuluakulu sakonda kuimva. Ngati mankhwala ndi a tonsefe, ndiye kuti boma nalonso likungowasunga m'malo mwathu, ndipo silingawawononge mosavuta mtima. Mu Janeiro 2025, boma la America litaimitsa kwa kanthawi thandizo lake la kunja, mafoni pa wailesi sanaleke kulira. Anthu ankafunsa ngati mwezi wamawa adzapeze mankhwala. Amene anamva mantha a masiku amenewo sangaone botolo losatsegula likupita kumoto n'kunena kuti palibe cimene cataika.

Mmene ena aciganizira

Si ife tokha amene tavutika nalo funsoli. Ku Bosnia, pa nthawi ya nkhondo ndiponso itangotha, pakati pa 1992 ndi 1996, anthu a mtima wabwino a m'mayiko ambiri anatumiza mankhwala, ndipo pafupifupi matani 17,000 anapezeka osathandiza: ena masiku atatha, ena osadziwika dzina, ena a matenda amene kunalibe. Dziko longotuluka m'nkhondo linatsala ndi nchito yowawononga. Mu 1996 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, OMS, linatulutsa malangizo a mankhwala operekedwa ngati mphatso, ndipo linawakonzanso mu 1999 ndi mu 2010. Mwa malangizowo muli lakuti mankhwala amene anaperekedwa kale kwa wodwala n'kubwezedwa asatumizidwe ngati mphatso. Maziko ake ndi akuti cimene sicili coyenera kwa wodwala wa dziko lopereka sicili coyeneranso kwa wodwala wa dziko lolandira. Wosauka asamapatsidwe cimene wolemera angakane kumwa.

Mayiko ena anatsata njira imeneyi mpaka kumapeto. Ku France, mankhwala otsala amene anthu ankabweza ku mafarmasiya kale ankasankhidwa, ena n'kutumizidwa kwa osowa, koma kuyambira mu 2009 zimenezi zinaletsedwa, ndipo onse amene bungwe la Cyclamed latolera amaochedwa. Ku Portugal bungwe la Valormed limatolera otsala m'mafarmasiya kuti akawonongedwe mosaipitsa madzi ndi nthaka.

Ku America, kumene mankhwala ndi okwera mtengo moti ena amadumphitsa masiku kuti botolo likhalitse, zigawo zambiri zinasankha njira ina. Ku Ohio lamulo lake linayamba ndi mwamuna wina amene mkazi wake anamwalira ndi khansa n'kusiya mankhwala a ndalama zambiri osagwiritsa nchito. Atauzidwa kuti ayenera kutayidwa, anapita kwa opanga malamulo ndipo sanatope mpaka lamulo linakhazikitsidwa mu 2003. Lero zigawo zopitirira 40 zili ndi malamulo olola kupereka mankhwala otsala kwa osowa, ndipo ku Iowa nchitoyi yakhala ikuyenda kuyambira mu 2007. Ku Brazil nakonso mizinda ina ili ndi malo ochedwa Farmácia Solidária, kumene anthu amasiya mankhwala otsala.

Koma taonani mmene amacitira. Botolo kapena paketi iyenera kukhala yomata monga inacokera ku fakitale. Masiku ake akhale asanathe. Mankhwala oledzeretsa ndi ozoloweretsa salandiridwa. Katswiri wa mankhwala amayang'ana paketi iliyonse, ndipo wolandira amabwera ndi reseita yakeyake yocokera kwa dotolo. Ambiri mwa mankhwalawo amacokera m'nyumba zosamalira okalamba, kumene anali m'manja mwa anamwino nthawi yonse. Ndipo zigawo zina zili ndi lamulo papepala pokha, cifukwa kulipira munthu woyang'ana ndi kusunga mankhwalawo kumafuna ndalama.

Ndiye a ku France amaocha, a ku Iowa amapereka, koma pa cinthu cimodzi akugwirizana: palibe mwa iwo amene amalola kuti wamasiye atenge botolo n'kukapereka yekha kwa mnansi. Pakati pa wopatsa ndi wolandira payenera kuima munthu wacitatu wodziwa kuwerenga botolo ndiponso wodziwa thupi la wolandirayo. Kwa ine phunziro lili pamenepa. Funso lalikulu ndi lakuti munthu wacitatuyo ali kuti, ndipo kuti umupeze uyenda mtunda wautali bwanji.

Lamulo loletsa lili ndi ngongole

Apa m'pamene wa kumudzi ali ndi ufulu wokweza mawu. Niassa ndi cigawo cacikulu kuposa zonse m'dziko lino, ndipo midzi yake ndi yotalikirana. Wa ku Cóbuè nthawi zina amaona capafupi kukwera bwato kupita ku cipatala ca St Peter's pa cilumba ca Likoma kusiyana ndi kutsata msewu wa ku Metangula. Wa ku Mandimba amaoloka pa Chiponde kulowera ku Namwera kapena ku Mangochi. Malangizo olembedwa ku Genebra kapena ku Maputo amaganiza kuti enfermeru ali pafupi. Kwa mayi amene mtsinje wamutsekera njira, mawu akuti pita ku cipatala angafanane ndi kuuza wanjala kuti dikira zokolola.

Ine ndikuona kuti amene waletsa munthu kudzithandiza watenga udindo womuthandiza. Kholo likaletsa mwana kutunga madzi pa citsime coipa, liyenera kumusonyeza cabwino. Boma likati musapatsane mankhwala, ndipo lili ndi zifukwa zomveka, liyenera kufikitsa mankhwala ndi munthu wodziwa kufupi ndi mudzi. Likalephera, kulakwa kwa amene apatsana mobisa sikukhala pa iwo okha.

Cosangalatsa n'cakuti njira ina yobwezera ngongole imeneyi inabadwira kwathu konkuno. Mu 2008, m'cigawo ca Tete, a zaumoyo pamodzi ndi bungwe la Médicos Sem Fronteiras anayambitsa magulu a anthu omwa ma ARV, amene lero timawadziwa kuti GAAC. Anthu osapitirira asanu ndi mmodzi a mudzi umodzi amagwirizana, ndipo mmodzi amapita ku cipatala kukatengera onse, ulendo wina n'kupita wina. Ndalama ya ulendo ndi ya munthu mmodzi, koma aliyense amalandira botolo lolembedwa pa kartau lake. Njirayi inafalikira m'dziko lonse ndipo mayiko ena anaitengera. Taonani nzeru yake: sinaphe mwambo wothandizana. Inangousuntha kuti anthu azigawana ulendo m'malo mogawana mapiritsi. Kulandira mankhwala a miyezi itatu nthawi imodzi, ndiponso ma APE amene amayeza malungo ndi kupereka cithandizo coyamba m'midzi, zonsezi zikubweza ngongole yomweyo.

Zimene ndikanayenera kunena

Ndikanakhala ndi mwayi wobwereza usiku uja, sindikanaika nyimbo. Ndikanati: "Mayi, mtima wanu ndi wabwino, ndipo anzanuwo asadumphe ngakhale tsiku limodzi. Koma musasankhe nokha. Pezani APE wa m'dera lanu kapena nambala ya enfermeru wa pa cipatala cimene anzanuwo amalandirira. Muwerengereni zilembo za pa botolo ndi za pa kartau la anzanuwo, ndipo mucite cimene iye anene. Ngati m'nyumba muli nkhuku, njinga kapena mwana wamphamvu wodziwa njira ya kumtunda, mphatso yanu ikhale imeneyo."

Pali cifukwa cinanso cimene mphatso ya ulendo imaposera ya botolo. Mayi amene walandira mabotolo awiri a malemu sadzaonekera ku cipatala kwa miyezi iwiri. M'kaundula adzalembedwa ngati wosiya mankhwala, tsiku lake loyeza kuculuka kwa kacilombo m'magazi lidzadutsa, ndipo ngati thupi layamba kubwerera m'mbuyo palibe adzaone. Cithandizo ca matenda a moyo wonse si piritsi lokha. Ndi piritsi pamodzi ndi diso la munthu amene akukutsata.

Nanga zitavuta zonse, foni osagwira, mtsinje osaoloka, mapiritsi atha, mayi n'kupereka botolo lomata lokhala ndi zilembo zofanana ndendende ndi la mnzake? Ine sindingaime pa wailesi n'kumucha wocimwa. Koma sindingauzenso anthu zikwi amene akumvera kuti teroni, cifukwa mawu omwewo adzamva ndi wa theka la Coartem, ndi wa mapiritsi a shuga a agogo, ndi wogulitsa pa msika uja. Cimene cingakhululukidwe kwa munthu mmodzi pa tsiku la tsoka sicingakhale lamulo la mudzi wonse. Ndipo mtsinje ukangophwa, woyamba kuuzidwa zimene zacitika akhale enfermeru.

Zimene tingapemphe

Kubweza mankhwala ku cipatala kuli ndi phindu ngakhale akawonongedwe. Sagwera m'manja mwa mwana wosewera, safika pa msika, ndipo a cipatala amadziwa kuti wodwala wawo wamwalira. Koma tisakhutire ndi zimenezo. M'midzi yathu muli makomiti a zaumoyo, ndipo pa zipatala pali makomiti a co-gestão m'mene anthu wamba amakhala pamodzi ndi ogwira nchito. Kumeneko tingapemphe zinthu zooneka. Pa cipatala ciliconse pakhale malo odziwika obwezerako mankhwala, popanda kufunsidwa mafunso ocititsa manyazi. Mvula isanayambe, a m'midzi yotsekedwa ndi mitsinje alandiriretu mankhwala okwanira nyengo yonse. Nambala ya foni ya cipatala ikhale kwa mfumu, kwa APE, ku chalichi ndi ku mzikiti.

Tingafunsenso aphungu athu a ku Assembleia da República ndi a Unduna wa Zaumoyo funso limene mwamuna wa ku Ohio anafunsa kwawo: kodi botolo lomata, losatha masiku, loyang'anidwa ndi katswiri, liyenera kuwonongedwa nthawi zonse? Mwina adzayankha kuti kutentha kwa nyumba zathu ndi kucepa kwa akatswiri sikulola, ndipo yankho limenelo lingakhale loona. Koma alinene poyera, ndi zifukwa zake, kuti wamasiye akafunsa tikhale ndi comuuza.

Ifenso pa maliro tili ndi mbali yathu. Pogawa katundu, wamkulu wa banja asankhe munthu mmodzi wokhulupirika woti atenge mankhwala onse a malemu pamodzi ndi kartau n'kukapereka ku cipatala, mwakacetecete, osaonetsa gulu, cifukwa matenda a munthu ndi cinsinsi cake ngakhale atagona.

Mayi a ku Mandimba anaimbanso patapita mwezi. Anati sanapereke mabotolo aja, koma sanadikirenso kuti njira iume. Anatulutsa njinga ya malemu, imene abale anali asanagwirizane kuti ipite kwa yani, n'kupatsa mwana wamwamuna wa mnansi uja. Mnyamatayo ananyamula mayi ake pakaliyala, mabotolo awiri ali m'thumba la pulasitiki, ndipo anazungulira njira ya kumtunda kuyambira m'bandakuca mpaka dzuwa lili pamutu. Mayiwo analandira mankhwala a dzina lawo atatsala ndi piritsi limodzi. Alamu ake a wamasiye anakwiya za njingayo, ndipo nkhaniyo inafika kwa mfumu.

Ndinawayamikira pa wailesi. Iwo anati, "Zikomo bambo, koma funso langa lija simunandiyankhe. Mabotolo aja anapita kuti?" Ulendo uno ndinawauza zoona, kuti anaikidwa pamodzi ndi oyenera kuwonongedwa, ndipo ndinawafotokozera zifukwa zimene ndalemba m'kabuku kano. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati zina azimva, koma pamtima pakuwawabe. Ndinawauza kuti inenso cimodzimodzi, ndipo ndinawalonjeza kuti funso lawo ndikalifikitsa kwa a zaumoyo akadzabweranso ku pologalamu yathu.